Maola Khumi ndi Tsitsi Losamaliza

Anakumana mu saluni tsiku lomwe draya inapsa. Mnyamata wamagetsi anabwera kudzaikonza, kantchito ka mphindi khumi, koma anatha maola awiri akuba maso pagalasi, pomwe mtsikana wina ankaluka kasitomala.

"Achimwene, kodi mawayawo ali pankhope pangapa?" anafunsa mtsikanayo.

"Ayi chemwali, koma mtima wanga wazima, ndipo ine sindingaukonze ndekha."

Saluni yonse inafa nacho chiseko. Chibwenzi chinayambira pomwepo.

Patatha chaka wamagetsi anapeza ntchito kunja. Zaka ziwiri zinadutsa, mafoni akuchepa, timikangano tikuchuluka. Kenako kunabwera uthenga:

"Wapamtima, ndikubwera Loweruka. Ndege inyamuka kuno 6 koloko m'mawa. Ndi makilomita 8,000, maola khumi osatera pena. Ngati ukundikondabe, ndidzakupeze pabwalo la ndege. Ndikapanda kukuona ndidziwa yankho, sindidzakuvutitsanso."

Mtsikana anavina yekha. Anawerenga pa zala: 6 kuwonjezera khumi, ndiye kuti 4 koloko madzulo. Nthawi yambirimbiri!

Loweruka anadzikhazika pampando kuti mnzake amuluke, foni ili pa chaja kuseri kwa mabotolo a mafuta. Nanga munthu ali mumlengalenga angaimbe bwanji?

Cha m'ma 2 koloko, mutu utalukidwa mbali imodzi, anatenga foni kuti auziretu wa takisi. Anapeza mauthenga anayi.

"Ndafika, dalo wanga!"

"Waima mbali iti?"

"Anzanga onse awalandira."

"Ndamva. Ukhale bwino."

"Wafika bwanji?" anakuwa. "Maola khumi sanakwane!"

"Mayo ine, iwe!" Mnzake anagwira pakamwa. "Kunjako wotchi yawo ili patsogolo ndi maola atatu. Munthuyo watera 1 koloko!"

Mtsikanayo anaimba. Foni yozima. Mtima unamuwawa koopsa. Zaka ziwiri zodikira zithere pa masamu?

Anatuluka chothamanga, nsalu ya saluni ili pakhosi, chipeso chili chizikire m'mutu. Wa takisi atamuona sanafunse zambiri, anangoponda moto.

Mtsikanayo anamupeza wamagetsi panja pa bwalo la ndege, akukweza sutikesi m'basi, maso ali psuu.

"Tsitsa chikwamacho!" anafuula mtsikanayo.

Wamagetsi anatembenuka. Anayang'ana mbali yolukidwa bwino, n'kuyang'ana mbali inayo, yomwe inali nyankhalala. Anayesa kusunga mkwiyo, koma milomo inamukanika.

"Ndimati wapeza wina," anatero motsitsa mawu.

"Wina wa chiyani? Ndimadzikonzera iwe! Ine ndimaona ngati dzuwa ndi limodzi dziko lonse." Misozi inali chuchuchu.

Kondakitala anatsitsa yekha sutikesi ija. Wamagetsi anagwada pomwepo, pakati pa utsi wa basi, n'kutulutsa mphete.

"Mtima wanga, ungalole kukhala mkazi wanga?"

Anthu anayamba kutulutsa mafoni.

"Ndalola!" anatero mtsikanayo, dzanja lina akulipereka, lina ataphimba kumutu. "Koma chonde, munthu asandijambule!"