Jombo Yopanda Phazi

Kambedza ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Atate akwerenso bwato.

Dzina la Kambedza anamupatsa ndi Atate omwewo. Ali wamng'ono, ankakola buluku la Atate ngati mbedza. Atate akapita uku, iye komweko. Akapita uko, iye komweko. Kumusiya kunyumba? Aa, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu.

Bwato lawo linali laling'ono. Amayi ankakhala kutsogolo. Kambedza ankakhala pakati. Atate ankakhala kumbuyo, nkhafi ili m'manja. Pansi pankagona ndodo zowedzera zitatu. Yaitali inali ya Atate. Yapakati inali ya Amayi. Yaifupi, yomangidwa kansalu kofiira, inali ya Kambedza.

Ndodozo zinkagona phee. Mphepo iwombe, zili phee. Mafunde abwere, zili phee.

Kenako Atate anadwala mwendo. Anapita kuchipatala ndi miyendo iwiri. Anabwerako ndi umodzi.

M'nyumba munangoti zii. Atate ankakhala pampando, maso ali kukhoma. Mluzu anasiya kuimba. Kuseka anasiya. Akamatuluka panja, ankavala jombo yakumanja. Yakumanzere inatsala kuseri kwa chitseko, yokhayokha. Amayi akamasesa, ankaizungulira. Palibe ankafuna kuiyang'ana.

Koma anthu amafunika kudya. Amayi anatenga nkhafi. Kambedza anatenga chitini cha nyambo. Anapita pamadzi awiri okha.

Kumwamba kunali mitambo. Madzi anali otuwa. Ndipo ndodo zija zinayamba mwano. Bwato likapendekera uku, zili gubudu! Likapendekera uko, zili gubudu! Zingwe zinapiringizana. Mbedza inakola siketi ya Amayi. Amayi anaimirira kuti aikolole. Phazi lawo linaponda ndodo yapakati.

Thyo!

Amayi anatola zidutswa ziwiri. Anangopalasa kubwerera kugombe.

Tsiku lina kunali mphepo. Madzi ankalowa m'bwato. Kambedza anaika ndodo yake pamiyendo, n'kuyamba kukapa madzi ndi chitini. Funde linamenya bwato. Ndodo yaifupi inatsetsereka, n'kugwera m'madzi.

Amayi anapalasa ndi mphamvu zawo zonse. Koma mphepo inali ndi liwiro kuposa Amayi. Kansalu kofiira kanayamba kuchepa. Kanachepa, kanachepa, mpaka kanasowa. Kambedza analira kwambiri. Mtima unamupweteka zedi.

Inatsala ndodo imodzi, yaitali ija. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali. Anati imeneyi ikatayika, basi. Bwato adzalivundikira pagombe, lidzingowola.

Kambedza anachita mantha. Bwato likawola, Atate adzakwera chiyani?

Atafika kunyumba, anakhala pansi pafupi ndi mpando wa Atate.

"Atate, kale ndodo zinkagona phee. Nanga pano zalowa chiyani?"

Atate anapuma mozama. Analoza phazi lawo lakumanja.

"Ili linkatsamira thabwa kuti ndipalase bwino," anatero. Kenako analoza pamene buluku linapindidwa ndi pini. "Linali apali linkaponda ndodo. Ndinkaziponda ulendo wonse. Inu simunkaona."

"Ndiye tiyeni mukatiphunzitse, Atate."

"Ndikaziponda ndi chiyani, mwanawe?"

Atate anatembenukiranso kukhoma. Kambedza anachita manyazi. Analakalaka akanapanda kufunsa.

Koma mwana uyu dzina lake silinali lachabe. Akakola chinthu, sankasiya.

M'bwato anayesa kuponda ndodo yaitali ija ndi phazi lake. Kaphaziko kanali kakang'ono. Mwendo unachita dzanzi, ndodo n'kupulumuka.

Anayesa kuimanga ndi chingwe. Mfundo inanyowa, n'kulimba gwa. Pamene ankamaliza kumasula, nsomba zinali zitapita kale.

Anayesa kuikumbatira. Nanga madzi akapa ndani? Nanga nyambo aika ndani? Anabwerera kunyumba opanda ndi kansomba komwe.

M'mawa wina kunagwa mvula yowaza. Kambedza ankasesa m'nyumba. Amayi anamuitana panja kuti adzachotse zovala pachingwe. Iye anasowa poika tsache lake la mpini wautali. Anangoliponya m'jombo ya kuseri kwa chitseko.

Atabwerako, anapeza tsache lili chilili. Analikankha uku. Silinagwe. Analikankha uko. Silinagwe. Jombo inaligwira.

Kambedza anakumbukira ndodo ya m'bwato ija. Anayang'ana Atate. Atate anali akusinza pampando. Ananyamula jombo ija pang'onopang'ono. Inali yolemera, yozizira, ndi kangaude m'kati. Anatuluka nayo monyang'ama.

Amayi anamupeza kugombe. Anali ndi msomali m'dzanja ili, mwala m'dzanja ilo.

"Iwe, leka! Ukufuna kutiboolera bwato?"

Kenako Amayi anaona jombo. Anakhala pamphepete pa bwato. Misozi inatsika m'masaya. Kambedza anaganiza kuti walakwa kwambiri. Anafotokoza za tsache.

Amayi anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anati msomali ayi, madzi angalowe. Anapita kunyumba. Anabwerako ndi chubu chakale cha njinga ndi mpeni. Anadula timalamba ta mphira.

Jombo anaigoneka pansi pa thabwa la Atate. Kukamwa kwake kunaloza kutsogolo. Anaimanga kuthabwako, mphira pamwamba pa mphira. Kutsogolo kwa bwato anamanga kalamba kena kozungulira. Tsinde la ndodo linalowa m'jombo. Nsonga inalowa m'kalamba. Mbedza anaibaya pamlomo wa jombo, kuti isakolenso munthu.

Amayi anagwedeza bwato. Ndodo inali phee. Kambedza analumpha m'bwatomo, du, du, du. Ndodo inali phee.

Atafika kunyumba, anapeza Atate ataimirira ndi ndodo zawo zoyendera. Nkhope inali ndwii. Chitseko chinali chotseka, kuseri kwake kuli mbee. Kodi mukuyesa jombo ija sankaiyang'ana? Ankaiyang'ana tsiku lililonse, anthu akatuluka.

"Jombo yanga watenga ndani?"

Kambedza anabisala kumbuyo kwa Amayi. Kenako anasuzumira.

"Ndine, Atate. Ili kuntchito."

"Kuntchito?"

Amayi anati nkhani imeneyi ndi yovuta kufotokoza. Bola bambo a Kambedza akaone okha.

Atate anakana. Anati kugombe n'kutali. Anati kunja kukuzizira. Anati anthu akawayang'ana. Koma jombo inali yawo, ndipo ankaifuna. Anavala inzake, n'kutuluka.

Ulendo unali wovuta. Ndodo zoyendera zinkamira mumchenga wonyowa. Atate ankaima, n'kupuma, n'kuyambanso. Kambedza ankayenda pambali pawo.

Anafika. Atate anawerama, n'kusuzumira pansi pa thabwa. Anaona jombo yawo. Anaona ndodo yawo yaitali itagona m'menemo. Mvula inkadontha pachipewa chawo. Kambedza ankaopa kuti amuuza amasule.

Atate anagwira bwato ndi dzanja limodzi. Analigwedeza. Ndodo inali phee. Analigwedezanso mwamphamvu. Ndodo inali phee.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kambedza anayesa akulira. Ndipo zoona, misozi inalipo. Koma kuseka kunalinso pomwepo.

"Taonani, mayi a Kambedza," anatero. "Ine ndakhala pampando, jombo yanga ikuweruka kuntchito. Waulesi ndani pamenepa?"

Amayi anaseka atagwira pakamwa. Kenako anagwira Atate m'khwapa. Kambedza anagwira bwato kuti lisasunthe. Atate analowa movutikira, n'kukhala pathabwa lawo.

Nanga ndodo zoyendera aziika pati? Kambedza anazilandira. Anazilowetsa m'jombo momwemo. Zinakwana bwinobwino.

Phazi lakumanja linatsamira thabwa. Nkhafi inalowa m'madzi. Poyamba bwato linangozungulira pamodzimodzi. Manja a Atate anali atafooka. Amayi anawafunsa ngati akupita kowedza kapena akuvina. Atate anayankha kuti akupereka moni kumadzi. Kenako bwato linawongoka.

Mwendo wa Atate sunabwerere. Kansalu kofiira sikanapezeke. Kumwamba kunali kotuwabe. Nsomba anagwira zing'onozing'ono, zongokwana m'mbale. Koma Atate anati mawa lake akadule nsungwi. Apanga ndodo ina ya Amayi, ina ya Kambedza. Anati m'jombo malo alimo ambiri.

Pobwerera mphepo inawomba. Ndodo zinali phee. Mafunde anabwera. Ndodo zinali phee.

Kumbuyo kwa bwato kunamveka mluzu. Kambedza sanacheuke. Anangotambasulira dzanja kumbuyo. Anagwira buluku la Atate, pamene panali pini paja. Sanalisiye mpaka anafika kugombe.