Mtima Wachinayi

Lolemba, pa 14 Epulo 2025, Timoti anagwa pa ngolo. Anathyoka mwendo. Foni ya atate inali m'thumba mwake. Foni nayo inasweka.

Timoti anali mlongo wake wa Lenia. Lenia anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Timoti anali wamng'ono. Kwawo kunali ku Zingalume.

Amayi anapita ndi Timoti ku chipatala cha ku boma. Lenia anatsala ndi atate. M'nyumba munali zii.

Lenia ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Timoti asekenso.

M'foni muja munali masewera. Timoti ankawakonda kwambiri. Munali kamwanapiye kachikasu. Kankayenda m'tinjira tokhotakhota. Kankafunafuna dzira. M'tinjiramo munali maenje. Pamwamba panali mitima itatu yofiira.

Kamwanapiye kakagwa m'dzenje, mtima umodzi unkazima. Mitima yonse ikazima, masewera ankatha.

Lachiwiri atate anapalasa njinga kupita ku chipatala. Anabwera dzuwa litapendeka.

"Atate, Timoti ali bwanji?" anafunsa Lenia.

"Mwendo aumanga bwino, mama," anayankha atate. "Koma sakudya. Sakuyankhula. Akandiona ine, akutembenukira kukhoma."

"Chifukwa cha foni?"

"Ndikuganiza choncho."

"Tidzapita liti kukamuona?"

"Lamulungu, tsiku la Pasaka. Tikangotuluka m'tchalitchi."

Lenia anaganiza. Foni inali itafa. Koma masewera aja iye ankawakumbukira onse.

Lachitatu Lenia anapeza katoni ya sopo. Anaidula bwinobwino. Inakhala ngati thireyi. Anajambulamo tinjira ndi khala. Anaboolamo maenje.

Kenako anatapa dongo kudambo. Anaumba kampira kakang'ono. Anakaikira kamlomo ndi maso awiri. Katauma, anakapaka choko chachikasu.

"Uyu ndani?" anafunsa atate.

"Ndi kamwanapiye ka Timoti. Mukapendeketsa katoni, kamagubuduka."

Lachinayi Lenia anapempha chimanga. Chimanga chatsopano chinali chisanaume kumunda. Chakale chinali chitatsala pang'ono. Atate anayang'ana m'thumba. Anamutapira dzanja limodzi. Anamupatsanso nyemba zofiira.

Lenia anaphika kaphala kolimba komatira. Anamata chimanga njere imodzi imodzi. Chimanga chinakhala makoma a tinjira. Anamata nyemba imodzi imodzi. Nyemba zinakhala mitima itatu.

Njere iliyonse inali ngati kabokosi. Zithunzi za m'foni zinalinso za timabokosi totere.

Msana unamuwawa. Zala zinamata. Koma Lenia sanasiye.

Lachisanu Loyera linafika. Phala lija linali lisanaume. Lenia anaika katoni padzuwa, pabwalo. Kenako anapita kutchalitchi ndi atate.

Kutchalitchi anthu ankaimba motsitsa mawu. Palibe anaomba m'manja. Abusa anawerenga za mtanda. Anawerenga za manda ndi mwala waukulu. Lenia anapempherera Timoti.

Atabwerera kunyumba, anapeza nkhuku pabwalo. Zinali zitazungulira katoni. Thadzi lakuda linali m'kati mwenimweni.

Lenia anathamanga. Nkhuku zinabalalika.

Makoma a chimanga panalibe. Phala panalibe. Nyemba zinali mbwee pansi. Mitima itatu inali itatha.

Kamwanapiye kadongo kokha ndiko kanatsala.

Lenia anakhala pansi. Anakatola. Misozi inatsika.

Atate anakhala pambali pake.

"Zatha, atate," anatero Lenia.

"Katoni ilipo?" anafunsa atate.

"Ilipo."

"Kamwanapiye kalipo?"

"Kalipo."

"Manja ako alipo?"

Lenia anayang'ana manja ake. "Alipo."

"Ndiye sizinathe. Koma ulendo uno tisaziphikire nkhuku chakudya."

Loweruka anadzuka m'mawa. Atate anadula mapesi ouma kuseri kwa nkhokwe. Anawang'amba timizere. Anatenga singano yosokera matumba. Lenia ankagwira phesi. Atate ankasoka. Mapesi anakhala makoma atsopano.

"Nkhuku zimadya mapesi?" anafunsa atate.

"Sizidya," anayankha Lenia.

Lenia anatenga diresi yake yofiira. Inali yakale ndi yothina. Anadulamo mitima. M'mbali mwake anadula ngati masitepe, kuti ifanane ndi ya m'foni.

Atate anawerenga. "Umodzi, iwiri, itatu, inayi. Si unati imakhala itatu?"

"Wachinayiwu ndi wanga," anatero Lenia. Anauika m'thumba.

Mitima itatu anaibaya pakatoni ndi minga.

"Nanga dzira?" anafunsa Lenia. "Kamwanapiye kamafunafuna dzira."

Atate analoza thadzi lakuda lija. "Amayi awa adya chimanga chako. Abweze ndi dzira."

Lenia anapita kuchisa. Anapeza dzira limodzi, likadali lofunda. Analiwiritsa. Litazizira, analijambula timabokosi tofiira ndi tobiriwira.

Usiku katoni inagona pamwamba pa kabati. Nkhuku sizinaione.

Lamulungu linafika. Linali tsiku la Pasaka. Kutchalitchi anthu anaimba mokweza. Anaomba m'manja. Abusa anati, "Mwala wachotsedwa. Ambuye auka."

Atatuluka, Lenia anakwera kumbuyo kwa njinga. Anakulunga katoni m'chitenje. Anaigwira ndi manja awiri. Njira inali yaitali. Inali ndi maenje ambiri.

"Njira iyi ikufanana ndi masewera ako," anatero atate.

"Musagwere m'dzenje, atate. Ndanyamula dzira."

Kuchipatala anapeza amayi atakhala pampando. Maso awo anali otopa. Mbale ya mpunga inali pambali, yosakhudzidwa.

Timoti anali chigonere. Mwendo wake unali m'chikhakha choyera ndi cholimba. Ataona atate, anatembenukira kukhoma.

Lenia anamasula chitenje. Anaika katoni pabedi. Anaipendeketsa pang'ono. Kamwanapiye kanagubuduka. Gubudu, gubudu.

Timoti anamva. Anacheuka pang'ono.

"Timoti iwe," anatero Lenia. "Kamwanapiye kako kakukufuna."

Timoti anayang'ana tinjira. Anayang'ana mitima itatu. Anayang'ana dzira pakona.

"Batani lili pati?" anafunsa motsitsa.

"Palibe batani. Gwira ndi manja awiri. Wopambana adya dzira."

Timoti anagwira katoni. Anaipendeketsa. Kamwanapiye kanagubuduka. Kanakhota. Kanagwa m'dzenje.

Lenia anazula mtima umodzi.

Timoti anayesanso. Kanagwanso. Lenia anazula mtima wachiwiri.

Timoti analuma mlomo. Anayesa kachitatu. Kamwanapiye kanafika pafupi ndi dzira. Pafupi kwambiri. Kenako kanagwa.

Mtima wachitatu unachoka.

Timoti anasiya katoni. Maso ake anadzaza misozi.

"Zatha," anatero. "Ndimawononga zonse. Ndinawononganso foni ya atate."

Atate anagwada pambali pa bedi. Anagwira dzanja la Timoti.

"Tandiyang'ana, bambo," anatero atate.

Timoti anawayang'ana.

"Tsiku lija pa ngolo panagwa zinthu ziwiri. Ine ndinathamangira chiti?"

Timoti anakumbukira. "Munathamangira ine."

"Nanga foni anatola ndani?"

"Sindikudziwa."

"Nanenso sindinaone. Maso anga anali pa iwe."

Lenia anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa mtima wachinayi. Anaubaya pakatoni.

"M'foni imakhala itatu," anatero Timoti.

"Iyi si foni," anatero Lenia. "Awa ndi masewera akwathu. Kuno ukagwa, timakudzutsa."

Timoti anapukuta maso. Anagwiranso katoni. Anaipendeketsa pang'onopang'ono. Kamwanapiye kanalambalala dzenje loyamba. Kanalambalala lachiwiri. Kanalambalala lachitatu. Kanagunda dzira.

Timoti anaseka. Amayi anamva kuseka kuja. Anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Dzira ndi lako," anatero Lenia. "Lachokera kwa thadzi lakuda. Ndi chindapusa."

"Linalakwa chiyani?"

"Linadya masewera ako oyamba."

Timoti anasekanso. Anasenda dzira. Anadya lonse. Kenako anayang'ana mbale ya mpunga.

"Amayi, mpunga uja ulipo?"

"Ulipo, mwana wanga," anayankha amayi. Anamupatsa supuni.

Pabedi lina panali mwana wina. Nayenso anapempha kusewera. Timoti anamuphunzitsa kagwiridwe kake.

Madzulo Lenia ndi atate anatsanzika. Katoni inatsala pabedi. Mtima wachinayi unatsala m'dzanja la Timoti.

Foni ya atate sinayakenso. Tsiku loti Timoti abwerere kunyumba, adokotala anali asananene.