Phazi la Esha pa Simenti ya a Lawson

Khwaaa... khwaaa. Ndinadzidzimuka ndikumva madzi akukhuthulidwa pang'onopang'ono, ngati munthu akuthirira nazale. Phokosolo limachokera kuseri kwa mpanda wathu, kwa a Lawson. Pamphasa pambali panga mng'ono wanga Esha anabuula. Mpweya wake unkanunkha simenti yonyowa.

"Ababa, mukumva?"

"Gona, Hajara."

"Si paja munasiya kuthirira?"

"Ndinasiya. Si ine ameneyo."

A Lawson anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto, ndiye ankafuna njira yochoka pageti kukafika pakhonde ikhale ngati za kumeneko. Ababa ndi amisiri, ntchitoyo anapatsidwa iwo. Anathira konkire, n'kuwaza utoto wofiira pamwamba, kenako n'kudinda ndi chimphasa cha labala kuti pazioneka ngati miyala yoyala. Anthu ochokera kumpunga ku Lifuwu ankachita kutsika panjinga kudzasuzumira.

Tsiku lodindalo Esha, pothamangitsa mwanapiye wake, anaponda pakati penipeni. Ababa anamukalipira, anasalaza, n'kudindanso. Kutacha, phazi linali pompo, zala zonse bwinobwino. Mbuzi ya a Dailes oyandikana nafe nayo inali itaponda cha kugeti. Imeneyo inafa chiimirire, ndipo amene anaisenda anati mpeni unkalira ukafika m'miyendo.

Simenti yatsopano imafuna kumwa madzi kuti ilimbe, ndiye ababa ankathirira m'mawa ndi madzulo. Nthawi yomweyo phazi la Esha linayamba kulemera. Linatuwa, linazizira, ukaligogoda limalira gogogo. Ababa akathirira, kuumako kumakwera. Amayi anapita naye kuchipatala kuboma, anabwerako ndi mapilitsi, koma kuuma kunafika m'bondo. M'pamene ababa anataya ndowa.

Koma wina anapitiriza.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti mfiti imatapa dothi pomwe waponda, n'chifukwa chake timasesa pabwalo. Nanga phazi la pasimenti ungalisese bwanji? Ndinafuna kufunsa aphunzitsi athu a sayansi, koma nditafika pakhomo la ofesi ndinachita manyazi, ndinangoti ndadzatenga choko.

Kudoko azimayi ogula usipa ankati chuma cha ku Joni chimafuna mwana. Ena ankaloza mmisiri wina amene anamanidwa ntchitoyo. A Lawson eni ake anali ataonda, galimoto anasiya kuilowetsa mumpanda.

"Gumulani, a Abdallah," a Lawson anauza ababa. "Gumulani yonse, ine sindikuifunanso."

Ababa anati bismillah, anaika tchizulo pambali pa chala chachikulu cha phazi la pasimenti lija, n'kumenya kamodzi ndi hamala. Kukuwa kumene kunachoka kunyumba kwathu sindidzakuiwala. Titathamangira, tinapeza amayi atagwira phazi la Esha, litang'aluka pa chala chomwecho, magazi akutuluka osakanikirana ndi mchenga. Hamala ija palibe anaigwiranso.

A shehe anabwera, anawerenga duwa, pemphero lathu lachisilamu, pageti. Ababa anafunda malowo ndi pepala lakuda lapulasitiki, n'kutsendereza ndi njerwa, n'kumagona pomwepo ndi tochi ndi chikwanje. Madzi ankawamva akukhuthuka pafupi ndi khutu lawo, munthu osamuona. Akavundukula m'mawa, mkati mwa phazi muli kadziwe.

Komabe timadzi timeneto tinali tochepa, kuuma kumakwera pang'onopang'ono, ndiye tinkati mwina tipeza wotithandiza. Esha anali akuyankhulabe. Ankandituma ndimuwerengere buku langa la Fomu 1, ankaseka ndikalakwitsa. Kumunyamula kumafuna anthu awiri.

Lachisanu masana ndikuchokera kusukulu, kunja kunangoti bii. Mphepo inachokera kunyanja, yonunkha dothi. Ndinapeza ababa kwa a Lawson akulimbana ndi pepala lija, njerwa zikugubuduka zokha. Ndinaponya chikwama n'kugwira mbali ina, koma linatipulumuka, linakakoleka pamwamba pa mbawa.

Ababa anavula malaya n'kufunditsa phazilo. Kenako anagonapo chafufumimba. Ine ndinaona madontho oyamba a mvula akudetsa miyala yonama ija, ndi madzi akuyamba kutsata mizere imene iwo anadinda okha, mizere yonse kulowera pansi pa chifuwa chawo.

"Ababa, tichite chiyani?"

Sanadzutse mutu.

"Thamanga, mwanangu. Ukawauze amayi ako amufungate tsopano, akadali wofewa."