Magazi a ba Abraham

Dothi lofiira linayamba kupezeka pakhomo la kachipinda ka kafukufuku Lolemba, litaunjikidwa bwinobwino ngati kamulu ka mchere pamsika. Ku komboni ya George kulibe dothi lotero. La kumeneko n'lotuwa, losakanikirana ndi phulusa la mbaula. Norah analisesa osaganizira kanthu.

Norah anali namwino wa gulu lofufuza za TB yosamva mankhwala. Sabata imeneyo ankagona m'kachipindamo kuti magetsi akazima aziyatsa jenereta, magazi a odwala angawonongeke m'firiji. Usiku woyamba anamva chinthu chikukwekwesa chitseko cha malata, pang'onopang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Usiku wachiwiri agalu onse a m'komboni anangoti zii, ndipo kukwekwesako kunatenga nthawi yaitali, kukumasiya, kukumayambiranso.

"Ba sisita," ananong'ona mlonda, ba Kapembwa, kutacha, akuloza dothilo ndi nsapato. "Iyi ni doti ya kumanda. Bantu bakamba ati ni ba Abraham, baja benze kubwera kuno. Banabaika kumanda siku ya Sondo."

"Bakufa sibakwekwesa vitseko, ba Kapembwa."

"Ehe. Koma ine nizagona ku geti."

Norah anaseka, koma masana anatulutsa pepala la chilolezo la ba Abraham. Chidindo cha chala chinalipo. Anakumbukira tsikulo: anthu atadzaza panja, bamboyo akunjenjemera thupi litatentha, iye atawagwira chala n'kuchikanikiza papepala. Ndime yonena kuti magazi adzasungidwa zaka khumi sanawawerengere. Komabe magaziwo anali osowa. Mwa odwala onse, a ba Abraham okha ndiwo matenda awo anakana mankhwala aliwonse, ndipo zopezeka m'magaziwo zikanapulumutsa ena. Papepala zonse zinali bwino. Akanadziwa ndani?

Usiku wachitatu magetsi anazima, firiji inaleka kulira, ndipo asanayatse jenereta, mumdima wa ndiweyaniwo kukwekwesa kunayamba. Norah anatsegula chitseko. Pakhomo panagwada mayi wa duku lakuda, dothi lili m'manja. Anali ba Maggie, mkazi wa malemu.

"Nikhululukireni, kugogoda nenze kuyopa," anatero motsitsa mawu. "Ba Abraham babwera kutulo usiku ulionse, ati, 'Maggie, munaniika osakwana.' Doti nibweretsa kuti bazibe kwamene kuli magazi yao. Ba sisita, munabauza kuti muzayasunga?"

Bodza linali pafupi, lopepuka, ndipo likanasunga magaziwo pamodzi ndi ntchito yake. Norah anapukusa mutu.

"Sininabauze. Kukupatsani magazi siningakwanise, yali na matenda. Koma mailo kukacha nizauza bakulu banga kuti chilolezo ninatenga molakwa. Tizayaocha imwe mulipo, phulusa mupereke kumanda."

Ba Maggie anathira dothi lija pansi. Kenako anapukuta manja pachitenje.

"Niyaoneko chabe."

Analowa awiriwo. Norah anatsegula firiji, nawunika ndi tochi ya foni, akuwerenga manambala chamumtima mpaka anafika pa kabotolo ka ba Abraham. Kanali pamalo pake, chivindikiro chake chosamatula monga anachitsekera yekha. Anakakweza kutochi.

M'kati munali mouma gwa.

Pambali pa kabotolo panali chidindo cha chala chachikulu, ndipo Norah atachikhudza, inki inamumatirira. Inali isanaume.

"Bafika kale," ananong'ona ba Maggie.