Mpira Umene Unabwerera M'dzanja la Milunka

Amene akuti ndine wabodza abwere adzanene pamaso panga, pakhomo panga amapadziwa. Ndakolopa zaka makumi awiri m'fakitale ya labala kumunsi kwa mlatho, mwamuna wanga ndinamuika kale m'manda, nthawi yopeka nthano ndilibe. Izi anaziona Milunka, mnzanga wokolopa naye, ndi a Stanimir, mlonda wa pageti, amene mowa salawa n'komwe chifukwa cha matenda a shuga.

Amuna ake a Milunka, a Radoje, anali oyesa mipira. Ankatenga mpira umodzi m'katoni iliyonse, kuukweza pamzere wakuda wa pakhoma, n'kuusiya ugwe pamwala wosalala. Ukanjanja kufika pamzere wofiira wa m'munsi mwake, katoni ipite kusitolo. Ukalephera, itayidwe. Koma iwo sankayang'ana. Ankatsinzina n'kumamvetsera: du... du.. du, du, dududu, zii. Ankati mpira ukagunda pansi umaphwatalala n'kudziwongola, koma mwala umaubera kamphamvu nthawi iliyonse, n'chifukwa chake kulumpha kumanka kufupika. Palibe mpira padziko pano, ankatero, wobwerera m'dzanja limene lausiya.

"Ukaufuna, werama."

Nyengo ya chisanu ankayamba aufungatira mpirawo m'khwapa, poti labala wozizira amauma, sanjanja bwino. Ife tinkawaseka.

"Thadzi lathu, anapiye aswa liti?"

"Akaswa ndikupatsani tambala, mayi, poti kwanu kulibe wolira m'mawa."

Kenako kunabwera injiniya watsopano, Vukašin, mapepala a sukulu thumba lodzaza, m'mutu mphepo yokhayokha. Anawapeza a Radoje atatsinzina, dzanja lili m'khwapa. Sanafunse. Anakatenga yekha mipira mosungira katundu, mopanda mbaula, yozizira ngati miyala ya mumtsinje, n'kuiyesa. Yonse inalephera. Analemba kuti mkuluyo amagona pantchito ataledzera ndipo amadutsitsa zinthu zowonongeka. Lachisanu lomwelo anawachotsa. Tonse tinkadziwa za m'khwapa zija, koma tinangoti chete. Pa agalu amantha amenewo inenso ndinalipo.

Choipitsitsa n'chakuti Milunka anakhulupirira. Amuna akewo ankalawadi rakija, kachasu wathu uja, masiku a chikondwerero. Anawalalatira kuti zaka makumi atatu za ntchito zathera m'botolo, ndipo iye ayenda bwanji mumsewu.

"Mipira ija inali yozizira, mayi," anatero a Radoje. "Itafunda ikanafika."

"Kafunditseni botolo lanu."

Amenewo ndiwo anali mawu omaliza. Milunka anasamutsira bulangete lake kukhitchini, ndipo masabata atatu ankangowaikira mbale patebulo osayankhula. Tsiku lina m'mawa anawapeza pampando pafupi ndi mbaula, chipewa chili pabondo, mtima utaima.

Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mzimu umayendayenda masiku makumi anayi m'malo amene mwini wake ankakhala, kenako umapita osabweranso. Wofuna kupepesa apepese masikuwo asanathe. Milunka ankayatsa kandulo, ankaika kapu ya madzi pawindo, koma pakamwa panakana kutseguka. Akavomera kuti amuna ake sanalakwe, ndiye kuti wolakwa ndi iyeyo. Tsiku la makumi anayi anapita kumanda ndi tirigu wowiritsa, wansembe anafukiza lubani, anthu anadya n'kubalalika. Milunka anaima pafupi ndi mtanda wa pamandapo, milomo gwa. Masana anabwera kuntchito.

Belu la folo koloko litalira, makina anazima, anthu anaweruka. Milunka anatsala akukolopa m'chipinda choyesera, momwe anaunjikamo makatoni okanidwa aja. Munkazizira mpaka mpweya wa m'kamwa unkaoneka. Kunja chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete. Anaviika chikolopa mundowa, ndipo pamenepo anamva fungo. Fodya wa a Radoje, wosakaniza ndi masamba a timbewu. Fakitale yonse palibe wina ankasuta wotero.

Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso. Dududu.

Anaganiza kuti ndi khoswe. Koma kanapitirira. Du, du, du. Kenako du.. du.. Mpata unkanka nutalika. Iye anali atamva nyimbo imeneyo kambirimbiri, ndipo anazindikira kuti lero ikuyambira kumathero.

Anatembenuka. Kampira kofiira kanali pamwala paja, kakunjanja kokha. Kanafika m'kakolo. Kanafika m'bondo.

A Stanimir anatulukira pakhomo ndi makiyi, kudzatseka. Makiyiwo anasiya kulira.

"Mayi," ananong'ona, "mwauponya ndinu?"

"Ayi."

"Tiyeni tituluke."

"Pitani, achimwene."

Sanapite. Anangodzilemba mtanda katatu.

Du. Mpira unafika pamzere wofiira. Du. Unaupitirira. Du. Unafika pamzere wakuda, pamene dzanja la a Radoje linkakhala. Sunakwerenso. Sunatsikenso. Unkangobwerera pomwepo, ngati munthu wogogoda pachitseko.

Kunja kunkada. Tsiku linali kutha.

Milunka anasiya chikolopa. Anapukuta dzanja pa epuloni. Analitambasula pamzere wakuda.

"A Radoje," anatero. "Inali yozizira. Ndamva tsopano. Ndikhululukireni, bambo."

Mpira unalowa m'dzanja mwake. Sanawerame.

Unali wofunda. Wofunda ngati wangochoka m'khwapa mwa munthu.

Fungo la fodya linatha. Mundowa madzi anali atayamba kuundana.

M'mawa mwake Milunka anaitana Vukašin pamaso pathu tonse. Anatenga mpira wina m'makatoni aja, anauika m'khwapa, anawerenga mpaka handiredi, n'kuusiya. Unapitirira mzere wofiira. Mnyamatayo anakanda khutu n'kunena kuti kalata inasainidwa kale. Ndinamulavulira pansapato, mochedwa ndi miyezi iwiri. Akadali pampando wake, wanenepa.

Kampira kofiira kaja Milunka amakasunga mudirowa ya masipuni, m'khitchini mopanda moto usana wonse. Papita zaka zitatu. Mwezi watha, chisanu chili pachimake, anandipatsa kuti ndikagwire. Ndinakabweza msanga. Masipuni anali ozizira ngati mtembo, koma iko ayi.

Ndinamufunsa ngati anayesapo kukaponyanso pansi. Anapukusa mutu.

"Ndimaopa, achemwali. Kakadzangonjanja ngati mpira wamba, ine n'kuwerama kuti ndikatole, ndidzadziwa kuti anapitadi."

Anatseka dirowa. Tinamwa khofi wathu. M'dirowamo, kamodzi kokha, masipuni analira.