Nkhope ya Pakhoma la Laibulale

Anakumana tsiku limene denga la laibulale yakale ija linadontha. Mtsikana wosunga mabuku ankathawitsa mabuku kuti asanyowe, ndipo mnyamata wina wojambula zithunzi ndi penti anavula jekete n'kuyamba kumuthandiza.

"Asisi, nyumbayi yakalamba, koma yasunga duwa," anatero mnyamatayo.

Mtsikanayo anaseka. Akanadziwa!

Chaka chilichonse laibulaleyo inkachititsa chionetsero cha zojambula, ndipo mnyamatayo anapempha kuti amujambule. Loweruka akatseka, mtsikanayo ankakhala pazenera lalitali, buku m'manja, osagwedezeka mpaka khosi kuuma gwa.

"Ndione nkhope yanga, wokondedwa."

"Ayi, duwa langa, nkhope ndikamalizira kunyumba. Ili mumtima mwangamu, ndingaiiwale bwanji?"

Pafoni ndiye mawu ankachita kutsekemera ngati uchi: "Tsiku la chionetsero tauni yonse idzaona mkazi amene ndidzamukwatire."

Ndani sakanakhulupirira? Mtsikanayo anauza mayi ake, n'kuwaitana kuti adzaone okha.

Makoma a nyumbayo salola msomali. Zithunzi amazipachika ndi zingwe, ndipo ntchitoyo inali ya mtsikanayo yekha. M'mawa wa tsikulo chithunzi chinafika chokulunga, mwini wake osaoneka. Mwachimwemwe, mtsikanayo anamasula nsalu imene anachikulungira.

Diresi linali lake. Zenera lomwe lija. Manja ake, ndi kachipsera ka pachala komwe. Koma nkhope inali ya mkazi wina!

"Odi, asisi?"

Atatembenuka, nkhope yomweyo inali itaima pakhomo, ikumwetulira.

"Ndafulumira, mundikhululukire. Bwenzi langa linati landijambula. Ine ndimakhala kutali, kusukulu, ndiye akuti anapeza munthu wongomukhalira pampando m'malo mwanga." Mkaziyo anayang'ana manja a mtsikanayo. "Kodi ndinu? Zikomo kwambiri, mwatithandiza. Ku ukwati musadzalephere."

Analibe mlandu mwana wa eni, ndipo chimenecho ndiye chinawawa kwambiri. Mtsikanayo anafuna kulira, koma anthu anali atayamba kale kulowa.

Patsogolo pawo panali mayi ake, atavala zawo za pansi pa sutikesi.

"Mwanangu, chithunzi chako chili kuti? Nanga mkamwini wanga?"

Mtsikanayo anamanga chingwe kumbuyo kwa chithunzicho, n'kuponda makwerero.

"Amayi, tandigwirirani makwererowa," anatero chapansipansi.