Jakisoni wa Edina

Edina atabwera kuchokera kudimba anapeza apongozi ake, aNangozo, ali pakhonde, kabuku kake ka kuchipatala kali m'manja. Pambali pawo panali mlamu wake Katerina, amene anali atawawerengera zolembedwamo.

"Zaka zinayi tikudikira mdzukulu," anatero aNangozo. "Osadziwa kuti inu mukubayitsa jakisoni wolera! Mwana wanga anakulakwirani chiyani?"

Edina anaika khasu pansi nagwada. "Amayi, si kuti sindifuna mwana. Ndi mankhwala a ululu uja."

"Ululu wanji? Mkazi aliyense amapita kumwezi. Ife tinkalima nawo!"

Koma wa Edina sunali wolima nawo. Chithereni msinkhu, mwezi uliwonse ankagona masiku asanu, m'chinena mukupotokola, akusanza mpaka ndulu. Panado, botolo la madzi otentha, mizu ya kwa sing'anga, zonse zinakanika. Tsiku lina atakomoka pamjigo, mwamuna wake Rodrick anamutengera kuchipatala. Dokotala anati mwina ndi matenda otchedwa endometiriyosisi, amene minofu yonga ya m'chiberekero imamera kunja kwake. Anati kuti atsimikize mpofunika kukapimidwa ku Lilongwe, ndipo matendawa amatha kuvutitsa kutenga pakati. Anawauza kuti jakisoni wolera angachepetse ululuwo. Rodrick ndiye anayamba kuvomera. "Bola ukhale moyo," anatero. Kwa miyezi isanu ndi umodzi Edina anakhala ngati munthu, mpaka ananenepa.

M'mawa mwake aNangozo anaitanitsa ankhoswe. A Lameki, malume ake a Rodrick, anakweza kabukuko m'mwamba.

"Iwe Rodrick, nkhani iyi umaidziwa?"

Edina anayang'ana mwamuna wake. Rodrick anayang'ana mayi ake, amene ankapukuta misozi ndi chitenje, kenako anazyolika.

"Ine ndinangomuperekeza. Zimene ankakambirana ndi adokotala sindinazimve bwino."

"A Rodrick!" Edina anafuula. "Munali pomwepo! Munandigwira dzanja pondibaya!"

Rodrick sanadzutse mutu. Mlandu unatha msanga: asiye jakisoni, apo ayi abwerere kwawo ku Mtakataka. Edina analowa m'nyumba namenyetsa chitseko, nalira mpaka mawu anasasa. Koma banja ankalifuna, ndipo mwana ankamufuna kuposa onsewo. Jakisoni anasiya.

Patapita miyezi ingapo ululu unabwerera, woposa kale. Tsopano unkayamba sabata yathunthu asanasambe, n'kutsikira m'miyendo. Ulendo wa ku Lilongwe unkangonenedwa pakamwa: tikakolola, tikagulitsa thonje. Chaka chinatha, pakati osaoneka. ANangozo anasiya kukalipa. Anayamba kumatchula dzina la mtsikana wina wa ku Golomoti, mokweza, Edina ali kubuula kuchipinda.

Tsiku lina masana Rodrick anamupeza atadzipinda pansi, nkhope ili pasimenti, milomo itauma. Anagwada pambali pake akulira.

"Edina, ndinalakwa. Tiye ukabayitsenso. Palibe amene adziwe."

"Ndiye akadzapezanso kabuku mudzati chiyani?"

Edina anadzutsa nkhope pasimenti, napitiriza.

"Ndikabayitsa, ndine wokana kubereka. Ndikasiya, ndine chumba. Mwandisiyira njira iti, bambo? Imbirani achimwene anga abwere kudzanditenga."

"Chonde, usatero."

"Ndatopa. Ndikufuna ndizikadwalira poti sandiwerengera miyezi."

Mchimwene wake Onani anafika pa njinga m'mawa mwake. ANangozo sanatuluke m'nyumba mwawo. Katerina yekha ndiye anabwera, nanyamula chikwama cha Edina mpaka pamsewu, maso ali pansi.

"Alamu, ndikanadziwa sindikanawerenga," ananong'ona.

Edina anakwera pakaliyala, koma njinga itangogunda bampu yoyamba anakuwa, natsika atagwira pamimba. Kukhala kunakanika. Onani anamangirira chikwama pakaliyalapo, nayamba kukankha njinga.

"Kwathu amayi akuti chiyani?" Edina anafunsa.

Onani anazengereza. "Akuti upume kaye sabata imodzi. Kenako ubwerere, banja ndi kupirira."

Edina anaima, nawerama mpaka ululu unadutsa. Anayang'ana kumene anachokera, nayang'ana kumene ankapita. Dzuwa linali litayamba kuotcha, ndipo Mtakataka anali kutali.

"Tiyeni," anatero. "Koma pang'onopang'ono."